Chigamba Chakuda pa Nsalu ya Mayi Clementina

Imani pang'ono, inu owerenga, musanapitirire ulendo wanu. Maso athu anazolowera kutsata zinthu zaphokoso, ndipo miyoyo imene Mulungu amaisamalira mwakachetechete timangoidutsa monga mmene timadutsira chitsamba cha m'mbali mwa njira. Lero tembenukani muyang'ane kuseri kwa msika wa ku Utale, pamene pali chisakasa chachilendo, chofoleredwa ndi malata koma pamwamba pa malatawo pali udzu. Mukamva kulira kwa makina osokera opalasa ndi mapazi, mwafika. Amene akhala pamakinapo ndi mayi Clementina, telala wa madiresi ndi mayunifolomu a sukulu, mkazi wa a Elliam mlimi wa thonje. Sanatchulidwepo pa wailesi, ndipo m'tchalitchi amakhala benchi lachitatu kuchokera kumbuyo. Koma udzu uli pamwamba pa malatawo uli ndi mbiri, ndipo mbiriyo ndi yoyenera kuimva.

Matenda awo anayamba ali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi. Tsiku lina m'mawa akulowetsa ulusi pa singano, anaona kuti diso lakumanja likuona nkhungu. Patapita milungu itatu nkhunguyo inachoka yokha, iwo nayamika Mulungu n'kuiwala. Miyezi ingapo pambuyo pake mwendo wakumanzere unachita dzanzi ngati aukhalira, ndipo dzanzilo linatha mwezi wathunthu. Kenako zala. Kenako mwendo womwe uja kachiwiri. Nthendayo inkapita n'kubweranso, ndipo ikamachoka sinkachoka chimanjamanja: ulendo uliwonse inkatengako kanthu kochepa, kosabweza. Ena ankati ndi kuthamanga kwa magazi, ena ankati ndi sitiroko yaing'ono, ndipo panali enanso amene ankatsitsa mawu n'kunena kuti pali dzanja la munthu. M'zaka zitatu inawagwetsa kasanu ndi kawiri. Kwa telala wa makina opalasa, miyendo ndiyo khasu lake, ndipo mayi Clementina ankadziwa bwino kuti tsiku lina idzagwa osadzukanso.

Ku chipatala cha ku boma kunali dokotala wofatsa, Che Sufiyani, mwana wa ku Machinga, amene anali ndi mphatso yosowa yomvetsera munthu mpaka amalize. Iyeyu ndiye anawatumiza ku Blantyre, kumene anawagoneka m'makina oona za mkati mwa mutu. Zotsatira zitabwera, anawakhazika pansi pamodzi ndi amuna awo.

“Mayi, mitsempha imene imanyamula mauthenga kuchoka ku ubongo kupita ku miyendo ndi ku maso ili ngati nthambo za magetsi, zokutidwa bwino,” anatero Che Sufiyani. “Asilikali a m'thupi mwanu asokonezeka, akumatafuna chokutiracho ngati ndi mdani. Nthenda imeneyi ife timaitchula mwachidule kuti MS. Kuno siipezeka kawirikawiri, ndipo palibe munthu amene wakuchitani chipongwe.”

Anawauza kuti pali mapiritsi, osati ochiritsa, koma oziziritsa ukali wa asilikaliwo kuti nthenda isamabwere pafupipafupi. Anali atawapeza kudzera mwa anthu akufuna kwabwino, ndipo anali okwanira odwala owerengeka okha. Ankayenera kumwedwa m'mawa ndi madzulo, pamodzi ndi chakudya, tsiku lililonse.

“Ndikuuzeni zoona,” anapitiriza dokotalayo. “Mankhwalawa anayesedwa kutali, kumayiko ozizira, pa anthu okhala pafupi ndi chipatala. Mmene angagwirire ntchito pa mayi wa ku Utale, wodya mgaiwa ndi nandolo, wopalasa makina tsiku lonse, sitikudziwa. Tidziwira kwa inu. Nthenda ikakugwetsani kawiri m'chaka chimodzi, ndiye kuti sakukuthandizani; tidzawasiya, tipatse wina amene akudikira. Choncho muzisunga bwino mwezi uliwonse mmene wakhalira.”

Mayi Clementina amadziwa kulemba, koma anati pepala m'nyumba mwawo silikhalitsa, limathera kuyatsira moto. Anatenga nsalu yoyera yotalika mikono iwiri. Mwezi ukatha bwino, ankasokererapo kachigamba kotsala pa ntchito ya mwezi umenewo: kobiriwira ka yunifolomu, kamaluwa ka diresi la ukwati, kofiirira ka malaya a amuna awo. Mwezi umene nthenda yawagwetsa, chigamba chake chinkayenera kukhala chakuda. Miyezi itatu iliyonse ankapinda nsaluyo n'kupita nayo kwa Che Sufiyani, amene ankaiyala patebulo, kuwayeza magazi, ndi kuwapatsa mapiritsi ena.

Masiku oyamba sanali ofewa. Akamwa piritsi, nkhope inkatentha ngati ayandikira ng'anjo, ndipo m'mimba munkapota. Anayesa kumwera tiyi yekha, zinaipiraipira. Atayesa phala lothira nsinjiro zambiri, m'mimba munakhazikika, ndipo kuyambira pamenepo a Elliam anawonjezera mizere ya mtedza m'munda popanda kuuzidwa. Zigamba zowala zinatsatizana khumi ndi zinayi. Munthu amene wakhala zaka zitatu akudzuka ndi mantha amadziwa kukoma kwa mwezi wopanda nkhani. Chakhumi ndi chisanu, cha mwezi wa Febuluwale, chinali chakuda: diso linachitanso nkhungu, mwendo unakana, anagonekedwa masiku asanu, ndipo disolo linayera. Che Sufiyani anagwira chigamba chakudacho ndi chala, nati, “Ichi n'chimodzi. Tipemphere kuti chaka chino chikhale chokhachi.”

Chaka chimenecho thonje linabereka bwino. A Elliam, munthu wa mawu ochepa, anali ndi chinthu chimene chinkawapweteka mumtima kuyambira kale: akazi awo kusokera pansi pa denga la udzu, lodontha nthawi ya mvula ndi kugwetsera zitsotso pa nsalu za anthu. M'mwezi wa Seputembala, mayi Clementina atapita ku msonkhano wa amayi a mpingo kwa Kalembo, amuna awo anasasula udzu wonse n'kukhoma malata atsopano. Pobwerera, mayiwo anaona chinthu chikunyezimira patali, ndipo atafika anagwira pakamwa.

“Abambo ake Tamandani, mwachita chiyani?”

“Telala wamkulu ngati inu kumakhala m'khola la nkhuku? Iyayi,” anatero a Elliam akuyang'ana pansi, chimwemwe chikuwatuluka m'makutu.

Anthu anabwera kudzaona. Mayi Clementina anayamika amuna awo atagwada, monga mwa ulemu wa kwathu, ndipo misozi imene anakhetsa inali yachisangalalo.

Ndiye unafika Okutobala wa ku Balaka, umene nyenje zimalira mpaka makutu kuwawa, ndipo mchenga umawotcha mapazi kudutsa m'patapata. M'mawa mayi Clementina ankapalasa makina bwinobwino. Dzuwa likamayandikira pamutu, mwendo wakumanzere unkayamba kulemera ngati wamangidwa thumba la mchenga, kenako diso lija linkachita chimbuuzi. Pofika masana chopondera cha makina chinkawakanika. Masiku anayi anabisa, akumanamizira lamba wa makina. Tsiku lachisanu anawatulukira mnzawo wa pamtima, Che Ayisha.

Che Ayisha ndi Msilamu wochokera kwa Chikweo, anakwatiwa ku Utale, ndipo amagulitsa mpunga ndi matemba moyang'anizana ndi chisakasacho. Akazi awiriwa amapemphera masiku osiyana, koma maliro ndi maukwati amayendera limodzi kwa zaka makumi awiri.

“Achemwali, makina anu ndimawamva ngati wotchi,” anatero Che Ayisha. “Sabata ino akumagona masana. Ndi lamba, kapena ndi mwini wake?”

Mayi Clementina anangoloza mwendo.

“Basi? Zimenezi n'zobisa? Mayi anga kwa Chikweo anadzutsa amuna atatu opuwala ndi madzi otentha okha. Dikirani ndiphule.”

Kwathu kuno, chiwalo chikachita dzanzi kapena kuuma, timachithowa. Palibe amene anaphunzira zimenezi kusukulu. Ndi chikondi chimene manja amachidziwa okha. Che Ayisha anayamba kubwera tsiku lililonse dzuwa litapendeka, atanyamula beseni la madzi ofuka nthunzi, muli masamba a bulugamu. Ankaviika chitenje, kuchifinya, n'kuchikanikiza pa ntchafu, pa bondo, mpaka kuphazi, akuimba chapansipansi m'Chiyao. Akamaliza, mayi Clementina sankatha n'komwe kuimirira, ndipo a Elliam ankachita kuwakweza pa njinga kupita nawo kunyumba.

“Zikuipiratu izi,” ankatero mayi Clementina.

“Ndiye kuti zikugwira! Nthenda ikamatuluka imayamba yakwiya. Mawa ndiwonjezera moto.”

Mwezi unatha choncho. Tsiku lopita kwa dokotala linatsala limodzi, ndipo malo a Okutobala pa nsalu ija anali opanda kanthu. Mayi Clementina anaiyala pamakina, anzawo ndi amuna awo ali pomwepo. Onse atatu ankadziwa tanthauzo la chigamba chakuda chachiwiri: mapiritsi atha, ndipo zaka zija za kugwa kasanu ndi kawiri zibwereranso.

Che Ayisha anafufuza m'dengu la zotsala, natulutsa kansalu kachikasu kowala ngati duwa la dzungu. “Sokani aka. Dokotala amakhala ku boma, sakuona za kuno. Mvula ikagwa mupeza bwino, ndani adzafunse?”

“Ndiye ndimunamize?”

“Kunama kwake kuti? Nsalu imalankhula? Inu mungokhala chete, ine ndiyankhula za mpunga.”

Mayi Clementina anayang'ana amuna awo. A Elliam anayang'ana malata awo, kenako kansalu kachikasu kaja, ndipo m'maso mwawo munali pempho.

Musafulumire kuweruza, abale. Yesero silibwera ndi nyanga. Nthawi zambiri limabwera m'manja mwa amene amatikonda, ndipo limakhala laling'ono ngati kansalu kachikasu. Mayi Clementina anakagwira kanthawi ndithu. Anaganiza za chopondera, za mayunifolomu a Januwale amene makolo anali atayamba kale kufunsa, za manyazi onyamulidwa ngati katundu. Kenako anaganiza za munthu wina amene sanamuonepo, amene dzina lake linali pansi pa lawo pa mndandanda wa Che Sufiyani. Mwina mayi ngati iwo, kwinakwake kutsidya kwa Shire, akudzuka m'mawa uliwonse n'kuyamba wagwira miyendo yake kuti aone ngati ilipo. Ngati mapiritsiwa analekadi kugwira ntchito m'thupi mwawo, kuwamwabe kukanakhala kudya chakudya cha mnzawo popanda kukhuta nacho.

“Amene anandipatsa miyezi yowala yonseyi amaona pansi pa malata ano,” anatero pomaliza. “Sindinampatse kanthu kuti andipatse. Ndisayambe lero kumuthandiza ndi bodza.”

Anadula kachidutswa ka nsalu yakuda ya mathalauza a sukulu, ndipo popeza mwendo unali utakana kale, anakasokerera ndi manja.

M'mawa mwake ananyamuka kusanatenthe, pa kabaza mpaka pamsewu, kenako minibasi. Che Ayisha anatseka benchi lawo n'kuwaperekeza, akung'ung'udza njira yonse kuti anthu ena Mulungu anawapatsa mutu wouma ngati chitsa cha tsanya. Che Sufiyani anayala nsaluyo, naona chakuda chachiwiri, ndipo nkhope yake inagwa. Koma monga mwa chizolowezi chake, sanathamangire kulemba.

“Mwalowa muno mukuyenda nokha, mayi. Tayendani mufike pakhomopo mubwerere.”

Anayenda, phazi lakumanzere likukhudza pansi pang'ono monga mwa masiku onse.

“Mu Febuluwale munachita kunyamulidwa. Tandiuzani za mwezi uno, kuyambira kudzuka mpaka kugona. Musasiye kanthu, ngakhale kooneka kopanda pake.”

Munthu amene watsimikiza kunena zoona savutika kuzinena zonse. Mayi Clementina anafotokoza kuti m'mawa amakhala bwino, kuti mwendo umalemera dzuwa likakwera, kuti Lamulungu, tsiku limene sapita kuchisakasa, amafika madzulo osavutika kwenikweni. Anatchula malata atsopano, monyadira amuna awo. Anatchulanso chifundo cha mnzawo, amene sanaphonye tsiku la ntchito kuwathowa.

“Mumawathowa ndi chiyani?” anafunsa dokotala, akuyang'ana Che Ayisha.

“Madzi owira, adokotala, osati ofunda ngati a anthu aulesi,” anayankha Che Ayisha, akukonza mpango wawo. “Ndi bulugamu.”

“Mukatha kuwathowa amapeza bwanji?”

“Amagweratu. Ndiye kutuluka kwa nthendako.”

Che Sufiyani anavula magalasi, anagwira pamphumi, ndipo mapewa ake anayamba kugwedezeka. Akaziwo anayang'anana, osadziwa ngati dokotala akulira kapena akuseka. Anatumiza mayi Clementina kukayezetsa malungo ndi mkodzo, chifukwa kutentha thupi nakonso kumadzutsa zizindikiro zakale, ndipo zonse zitapezeka zili bwino anawafotokozera.

“Nthambo imene inatafunidwa kale imagwira ntchito ikakhala yozizira. Ikatenthedwa, uthenga umafooka panjira. Ikazizira, umadutsanso. Nthenda ikabweradi mwatsopano siyang'ana wotchi: imakhala usana ndi usiku, masiku ambiri, kaya kuzizire kaya kutenthe. Zanuzi zikuoneka kuti si bala latsopano ayi, ndi zipsera zakale zikudandaula ndi moto. Amuna anu anakuikani mu uvuni, anzanuwa n'kumabwera kudzathira nkhuni.”

“Ndiye nthendayo ndine?” anakuwa Che Ayisha, manja ali m'mutu. “Mwezi wathunthu nkhuni zanga!”

“Inu ndi malata, mogawana,” anatero dokotala. Anawonjezera mawu ena m'Chiyao amene anachititsa Che Ayisha kuseka mpaka kupukuta maso ndi mpango.

Komabe Che Sufiyani sanafune kudalira maganizo okha. Anawapatsa mapiritsi a milungu iwiri, nati akasokere pamthunzi, azimwa madzi ozizira, asathowedwenso, ndipo abwere adzamuuze. “Mukanandibisira,” anatero powatsanzika, “bwenzi mukuwotchedwabe mpaka mvula, ndipo ine bwenzi ndisakudziwa chinthu chimene odwala anga ena akufunika kumva. Zimenezi m'mapepala a kumayiko ozizira amangozitchula podutsa. Ku Balaka ndi nkhani yaikulu.”

A Elliam atamva, anakhala pa mpando nthawi yaitali. Mphatso yawo ya thonje la chaka chonse ndiyo inkagwetsa akazi awo. Mayi Clementina anakhala pambali pawo, nati, “Malatawa sachoka. Mvula ikubwera, ndipo ine sindifunanso zitsotso pa nsalu za anthu.” M'mawa mwake bamboyo anakoka makina kuwaika pansi pa mtengo wa mango, nakwera njinga kukafuna udzu, umene nyengo imeneyo unali wosowa. Anayala mitengo yopyapyala pamwamba pa malata, nafolera udzu wochindikala, ndipo mkati anakhomamo mphasa. Anthu a pamsika anaseka kwambiri. “A Elliam, ena akuchotsa udzu kuika malata, inu mukuveka malata chipewa?” Iwo ankangoyankha kuti, “Akumva dzuwa,” n'kupitiriza kumanga.

Che Ayisha sanasiye kubwera ndi beseni lawo. Anangosintha madzi. Anagula mtsuko waukulu wadothi, nauika pakona ya chisakasa pa mchenga wonyowa, ndipo dzuwa likafika pamutu ankathira madzi ake m'beseni kuti mnzawo aviikemo mapazi. Tsiku lachitatu makina analira mpaka madzulo. Milungu iwiri itakwana, mayi Clementina anabwerera ku boma, ndipo anachokako ndi mapiritsi a miyezi itatu.

Atafika kunyumba anatenga kalumo n'kusomola chigamba chakuda cha Okutobala. Anati nsalu imene inakana kunama mowala isanamenso mwakuda. Sanaikepo kachikasu kaja. Anapempha kansonga ka chitenje chimene Che Ayisha ankawathowera, chofiira, chopauka ndi madzi otentha, ndipo ndi chimene chili pamalopo mpaka lero.

Papita zaka zisanu chiyambire kumwa mapiritsiwo. Nsalu yoyamba inadzaza, analumikiza ina. Chigamba chakuda chikadali chimodzi, cha Febuluwale uja. Sanachire, ndipo iwo sanena kuti anachira. Phazi lakumanzere limakokabe, kotero mwendo wakumanja ndiwo umagwira ntchito yaikulu pa chopondera. Ulusi amalowetsa atatseka diso limodzi. Okutobala aliyense amayamba ntchito mbandakucha n'kupuma masana. Za mawa sadziwa, ndipo dokotala wawo sanawalonjeze. Koma m'mawa uliwonse amaika piritsi pambali pa mbale ya phala, n'kudalitsa zonse ziwiri ndi pemphero limodzi, pakuti amati Wopatsa ndi mmodzi, ndipo amapereka za tsiku limenelo basi. Wina atawafunsa ngati kumwa mankhwala moyo wonse si kuchepa kwa chikhulupiriro, anamuyankha mofatsa kuti nayenso amadya tsiku lililonse, ndipo palibe anamunenapo kuti sakhulupirira.

Ife tonse ndife ziwiya zadothi, zina zong'aluka poonekera, zina mobisika. Woumba sataya chiwiya chifukwa cha mng'alu. Amachiika pamthunzi, ndipo chimasungabe madzi ozizira a anthu otopa.

Ambuye amene amadziwa mtsempha uliwonse umene analuka m'thupi la munthu akudalitseni, mayi Clementina. Alimbitse mapazi anu pa chopondera, awalitse diso lanu pa singano, ndipo zigamba zimene zatsala zikhale zowala. Chakuda chikadzabwera, asadzakusiyeni nokha. Adalitse a Elliam ndi denga lawo la zipewa ziwiri, Che Ayisha ndi mtsuko wawo, Che Sufiyani ndi makutu ake oleza, ndiponso wodwala uja wosadziwika amene akudikirabe. Ndipo inu amene mwaima nafe pano mpaka mapeto, akupatseni mtima wonena zoona pamene zoona zikuoneka ngati zikulandani zonse, akupatseni anthu okukondani ngakhale molakwitsa, ndi mthunzi pa nthawi ya dzuwa lanu. Mtendere wake ukhale pa nyumba yanu. Amen.